Akamvuluvulu a M'nyanja ya Kummwera: Mafunso a Munthu wa ku Mukobeko

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, kamvuluvulu amadzuka pabwalo la mpira ku Mukobeko kuno ku Kabwe. Amanyamula fumbi, makoko a chimanga ndi timajumbo, n'kukazitaya kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ana amamuthamangira, amayi amavundikira msanga ufa umene auyanika pamphasa. Pakangopita kamphindi, zii, watha. M'nyanja zikuluzikulu zamchere mulinso akamvuluvulu, koma a madzi, ndipo iwo satha msanga. Ndi amene akugwira malire a madzi ozizira ozungulira Antarctica, ndiponso ndi amene akuwabowola. Ife a ku Kabwe tili kutali ndi gombe, komabe nkhaniyi ndi yathu.

Kodi kamvuluvulu wa m'nyanja n'chiyani?

Ndi chigawo cha madzi chimene chapatuka pa mkokomo waukulu n'kuyamba kuzungulira pachokha. Mvula ikagwa, imani pambali pa ngalande pamene madzi akudutsa pamwala. Kuseri kwa mwalawo mudzaona tsamba likuzungulira pamalo amodzi, anzake akupita. M'nyanja zimachitikanso chomwecho, kusiyana kwake ndi kukula. Kamvuluvulu mmodzi amatha kutambalala makilomita 10 mpaka kupitirira 100, mtunda woyerekeza ndi wa pakati pa Kabwe ndi Kapiri Mposhi kapena Kabwe ndi Lusaka. Kuya kwake kumatha kupitirira kilomita imodzi, ndipo amakhala milungu kapena miyezi akuyenda pang'onopang'ono. M'kati mwake amasunga madzi a kumene anabadwira, kutentha kwake, mchere wake ndi tizamoyo take. Kuchigawo chathu chino cha kummwera kwa dziko, wa madzi ozizira amazungulira motsatira muvi wa wotchi, wa madzi ofunda mobwerera.

Nanga malire a madzi ndiye chiyani, popeza madzi amasakanikirana?

Amasakanikirana, koma osati msanga. Thirani madzi otentha m'bafa la madzi ozizira osatakasa, kenako pisani dzanja. Pamwamba pakuwotchani, pansi pakuzizirani. Madzi ofunda ndi opepuka, ozizira ndi olemera, ndipo mchere umawonjezera kulemerako. M'nyanja muli malo amene madzi a mitundu iwiri amakumana n'kuimirana pafupi osalowana. Sitima yochokera ku Cape Town kupita ku Antarctica imadutsa malire otere angapo. Otchuka kwambiri ndi amene asayansi amawatcha Polar Front, pamene madzi apamwamba amazizira ndi madigiri 2 kapena 3 pamtunda waufupi, ndipo mbalame ndi nsomba zimene mumaona zimasintha. George Deacon wa ku Britain, atayenda ndi sitima ya Discovery II, anafotokoza malirewa mwatsatanetsatane mu 1937.

Malirewa ali pati, ndipo chimawachititsa n'chiyani?

Ali m'kati mwa mtsinje waukulu kuposa yonse padziko, umene ulibe magombe. Umatchedwa Antarctic Circumpolar Current. Umazungulira Antarctica yense kulowera kummawa, mtunda woposa makilomita 20,000, osatchingidwa ndi mtunda uliwonse. Pamene umapanikizika kwambiri ndi pa Drake Passage, pakati pa South America ndi Antarctica, pamene mpata wake ndi makilomita pafupifupi 800. Mutaphatikiza Zambezi, Congo, Nile, Amazon ndi mitsinje yonse ya padziko, madzi a mtsinje umenewu angaiposebe maulendo oposa 100. Umakankhidwa ndi mphepo zamphamvu zochokera kumadzulo. Suyenda mofanana ponseponse: uli ndi mizere yothamanga kwambiri, ndipo mizere imeneyi ndiye malirewo. Kummwera kwa Africa, Polar Front amadutsa chapafupi ndi mzere wa madigiri 50 kummwera.

Akamvuluvuluwa amabadwa bwanji?

Asodzi a ku Mangochi ndi a ku Mpulungu amadziwa chiyambi chake. Mwera ukaomba masiku ambiri m'nyengo yozizira, umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, ndipo madzi ozizira apansi amatumphukira kumapeto a kummwera kwa nyanja. Madzi amene anagona mosanjikizana amapendekeka. Kuzungulira Antarctica zimachitikanso: chifukwa dziko likuzungulira, madzi okankhidwa ndi mphepo amapatukira kumanzere, kumene ndi kumpoto, ndipo madzi akuya amakwera kudzatenga malo awo. Zotsatira zake, madzi olemera amaima pambali pa madzi opepuka. Kupendekeka kotereku sikungakhalitse. Olemera amafuna kulowa pansi, opepuka amafuna kuyala pamwamba, choncho mtsinje umayamba kukhotakhota. Khonde lina likakhota kwambiri limaduka, monga mmene Luangwa amasiyira mathamanda akadula njira, ndipo chodukacho ndiye kamvuluvulu.

Ndiye amamanga malirewo kapena amawagwetsa?

Amachita zonse ziwiri, ndipo pagona nkhani ndi pamenepa. Mbali ina amasonkhanitsira mphamvu ya mtsinje m'mizere yopyapyala, zimene zimachititsa malirewo kukhala akuthwa. Amatsitsiranso mphamvu ya mphepo pansi pa nyanja, pamene mapiri a m'madzi amaugwira mwendo mtsinjewo kuti usathamange mopanda malire. Mbali inayi ndi iwo amene amawolotsa katundu. Kamvuluvulu wofunda akadukira kummwera amapita ndi kutentha, wozizira akadukira kumpoto amapita ndi kuzizira. Madzi oyenda mwawamba sangadutse malirewa mosavuta chifukwa mtsinje umawatenga n'kupita nawo kummawa. Choncho musaganize za mpanda wa njerwa ngati wa ndende ya Mukobeko. Ganizani za mpanda wa tsekera: uli chilili, ukuoneka bwinobwino, koma mphepo ikudutsa m'mipata.

Kutentha kwa dziko kwasintha chiyani kumeneko?

Choyamba ndi mphepo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, mphepo za kumadzulo zozungulira Antarctica zakula mphamvu ndipo zasendera kummwera, makamaka m'chilimwe cha kumeneko. Zifukwa zake ndi ziwiri. China ndi kubowoka kwa mpweya wa ozoni kumwamba kwa Antarctica, kumene asayansi a British Antarctic Survey analengeza mu 1985. Pangano la ku Montreal la 1987 linaletsa mankhwala obowola ozoniyo, ndipo bowolo likutsekeka pang'onopang'ono. China ndi mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku malasha, mafuta ndi kuwotcha nkhalango, umene ukuchulukirabe. Chachiwiri ndi madziwo. Pa kutentha konse kowonjezera kumene dziko likusunga, pafupifupi magawo 9 mwa 10 kukulowa m'nyanja, ndipo nyanja ya kummwerayi ndi imene ikumeza gawo lalikulu.

Mphepo ikakula, si ndiye kuti mtsinjewo uthamanga kwambiri?

Ambiri ankayembekezera zimenezo, koma miyezo sinavomereze. Mu 2006 Michael Meredith ndi Andrew Hogg anaonetsa kuti mphepo itakula kwambiri cha mu 1998, akamvuluvulu anawirikiza mphamvu patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Mu 2008 Claus Böning ndi anzake a ku Kiel ku Germany anapeza kuti madzi a kumeneko afunda ndipo mchere wachepa, koma kupendekeka kwa madzi sikunasinthe kwenikweni. Tanthauzo lake ndi ili: mphepo ikawonjezera kupendekeka, akamvuluvulu amachuluka n'kukufafaniza. Amene anaphikapo phala amadziwa. Phala likayamba kubwadamuka, ngakhale musonkhezere nkhuni zina, silitentha kuposa pamenepo, limangobwadamuka kwambiri. Mphamvu yowonjezerayo siitayika, imangosintha ntchito. M'nyanja ikupita kwa akamvuluvulu.

Kodi malirewo akusunthira kummwera?

Mu 2009 Serguei Sokolov ndi Stephen Rintoul a ku Hobart ku Australia ananena kuti malirewa asendera kummwera ndi makilomita pafupifupi 60 kuyambira mu 1992, mtunda wonga wa Kabwe ndi Kapiri Mposhi. Iwo ankatsatira mizere ya kutalika kwa madzi. Koma madzi akafunda amafufuma, ndipo mzere wotero umasuntha ngakhale mkokomo weniweniwo uli pomwepo. Sarah Gille wa ku Scripps ku California ataunikanso mwanjira ina mu 2014, sanapeze kusuntha kokhalitsa kwa mtsinje wonsewo. Chimene chimawagwira kwambiri ndi pansi pa nyanja. Mapiri ndi zitunda za m'madzi, monga Kerguelen Plateau ndi Southwest Indian Ridge, zimaongolera mkokomowo monga miyala imaongolerera mtsinje m'chigwa. Pamene pansi pali poyalana, malirewo amayendayenda chaka ndi chaka. Pamene pali mapiri, amakhazikika, ndipo kuseri kwa mapiriwo ndi kumene akamvuluvulu amabadwira ambiri.

Ngati malire ali pomwepo, vuto lili pati?

Lili m'mipata ya mpanda uja. Pansi pa madzi ozizira apamwamba pali madzi akuya ofundirapo, a digiri pafupifupi 1. Kwa ife amenewo ndi madzi ozizira kwambiri, koma madzi amchere amaundana pa madigiri pafupifupi 2 pansi pa ziro, choncho kwa madzi oundana a ku Antarctica amenewa ndi moto. Akamvuluvulu ndi ena mwa amene amawasendeza kummwera ndi kuwakweza m'mphepete mwa mtunda wa Antarctica. Ku Amundsen Sea, madzi amenewa amalowa kunsi kwa madzi oundana a Pine Island ndi Thwaites n'kumawadya chapansipansi, monga chiswe chimadyera mzati wa nkhokwe. Thwaites yekha atasungunuka yense, nyanja zonse zingakwere ndi masentimita pafupifupi 65. Pamwambanso pali zizindikiro: mu 2023 madzi oundana oyandama kuzungulira Antarctica anachepa kuposa chaka china chilichonse chiyambire kuyezedwa ndi masetilaiti mu 1979.

Nanga kumpoto kwa dziko?

Kumeneko zinthu zaima mosiyana, chifukwa Arctic ndi nyanja yozunguliridwa ndi mitunda. Madzi ofunda a Atlantic amalowa m'makomo awiri: Fram Strait, pakati pa Greenland ndi Svalbard, ndi Barents Sea, kumpoto kwa Norway ndi Russia. Ku Barents Sea kulinso Polar Front wake. Kumadzulo kwake wagwidwa ndi zitunda za pansi pa madzi, koma kummawa madzi a Atlantic akulowerera chakumpoto, ndipo nsomba za madzi ofundirapo zikutsatira. Kuyambira mu 1979 Arctic yatentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Madzi oundana apamwamba ali ngati chivundikiro cha poto: amatchinga mphepo ndi kufooketsa akamvuluvulu. Chivundikirocho chikamachepa, akamvuluvulu amapeza mpata, ndipo iwo amathandiza kukweza kutentha kwapansi kumene kumasungunulanso chivundikirocho.

Kodi pafupi ndi ife alipo?

Alipo, ndipo madzi a padenga lanu amakawapeza. Kabwe wakhala pamsana. Mvula yotsikira kumadzulo imalowa m'dambo la Lukanga n'kupita ku Kafue. Yotsikira kummawa imalowa mu Mulungushi, kenako Lunsemfwa, kenako Luangwa. Njira zonse ziwiri zimakumana mu Zambezi, n'kudutsa Cahora Bassa ndi Tete, kulandira Shire, n'kukathira m'nyanja cha ku Chinde. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar madzi sayenda ngati mtsinje umodzi. Amatsika kummwera m'magulu a akamvuluvulu akuluakulu, otambalala makilomita pafupifupi 300, ngati kuchoka ku Lusaka kukafika ku Ndola, angapo pachaka. Amenewa amakadyetsa mkokomo wa Agulhas, umene umatsika m'mbali mwa Durban. Kummwera kwa Africa mkokomowo umapinda kubwerera kummawa, kuyenda m'mbali mwa malire oyamba a nyanja ya kummwera. Mu 2016 Lisa Beal ndi Shane Elipot a ku Miami anapeza kuti kuyambira kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, Agulhas sanawonjezere liwiro, wangotambalala chifukwa cha kuchuluka kwa akamvuluvulu. Ndi nkhani ya phala ija, pakhomo pathu.

Zamoyo zikukhudzidwa bwanji?

Malire ndi akamvuluvulu ndiwo minda ya m'nyanja. Pamene madzi akuya akutumphuka, chakudya cha tizomera tating'ono chimafika pamene pali kuwala, tizomerato timadyedwa ndi tinkhanu totchedwa krill, ndipo krill amadyedwa ndi nsomba, mbalame ndi anangumi. Anangumi amene amabwera kudzaswana m'mbali mwa Mozambique m'miyezi yathu yozizira amakhala atanenepa ndi krill wa ku Antarctica. Chilumba cha Marion, cha dziko la South Africa, chili pakati pa malire awiri a mtsinje uja, makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku Cape Town. Kumadzulo kwake, pa Southwest Indian Ridge, pamabadwa akamvuluvulu ambiri, ndipo akatumbu akuluakulu a m'nyanja ndi mbalame za albatross za pachilumbacho zimakasaka chakudya m'mphepete mwawo. Munda ukasendera kutali, kholo limachedwa kubwerera, ndipo mwana pachisa amagona ndi njala.

Asayansi amadziwa bwanji zonsezi, kumalo kopanda anthu?

Ali ndi maso anayi. Oyamba ndi masetilaiti oyeza kutalika kwa madzi, kuyambira ndi TOPEX/Poseidon mu 1992. Kamvuluvulu wofunda amatukumula nyanja ndi masentimita makumi angapo, wozizira amaikumba, ndipo setilaiti imaona zimenezo. SWOT, imene inatumizidwa mu Disembala 2022, imaona ngakhale ang'onoang'ono. Achiwiri ndi zipangizo za Argo, pafupifupi 4,000, zimene zimamira mpaka mamita 2,000 n'kutumphuka masiku 10 aliwonse kudzatumiza kutentha ndi mchere zimene zayeza. Achitatu ndi sitima, monga SA Agulhas II, imene yakhala ikunyamuka ku Cape Town kupita ku Marion ndi ku Antarctica kuyambira mu 2012. Isabelle Ansorge wa ku University of Cape Town wafufuza akamvuluvulu a ku Marion kwa zaka zambiri. Achinayi ndi akatumbu aja: amawamata kachipangizo pamutu, kamene kamagwa akamasintha ubweya, ndipo iwo amayeza madzi ngakhale kunsi kwa madzi oundana kumene sitima singafike.

Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani zolosera za m'tsogolo zimasiyana?

Chifukwa cha kukula kwa maso a ukonde. Makompyuta olosera nyengo amagawa nyanja m'timabokosi, ndipo ambiri mwa iwo kabokosi kamodzi kamakhala makilomita pafupifupi 100. Kufupi ndi Antarctica akamvuluvulu ndi ang'ono, ena a makilomita 10 kapena 20 okha. Kuwasaka ndi timabokosi totere kuli ngati kuwedza kapenta ndi ukonde wa chambo. Choncho m'malo mowaona, makompyutawo amangoyerekeza ntchito yawo pogwiritsa ntchito masamu amene Peter Gent ndi James McWilliams anakonza mu 1990. Kuyerekezako kukasiyana pang'ono, yankho la zaka 50 zikubwerazi limasiyananso. Palinso mphamvu ziwiri zokokana: kufunda kwa madzi a kumpoto kwa malire kumafuna kufulumizitsa mtsinjewo, pamene madzi opanda mchere osungunuka ku Antarctica angaufooketse. Chimene onse akugwirizana ndi chakuti kutentha kukupitiriza kulowa m'nyanjayo.

Kodi chilala cha 2024 chinabwera ndi akamvuluvulu amenewa?

Ayi, ndipo tisawanamizire. Tonse tikukumbukira chimanga chikupota masamba mu Febuluwale, nthawi imene chimafunika kumasula. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga atawonongeka. Pa 23 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso chimodzimodzi m'maboma 23 mwa 28 a ku Malawi. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mbaula inabwerera m'nyumba zimene zinaiiwala. Gwero lalikulu la chilalacho linali El Niño, kufunda kwa madzi a ku Pacific. Mvula ya ku Kabwe imadalira chinyontho cha ku Congo ndi cha ku Indian Ocean. Koma phunziro lake ndi lomweli: madzi a nyanja imene sitinaionepo anaumitsa munda wa ku Mukobeko.

Ndiye nyanja ya kummwerayo ikutikhudza m'njira ziti?

M'njira zitatu. Yoyamba, ikutisenzera katundu. Nyanja zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa, ndipo magawo 40 pa 100 aliwonse a umenewo amalowera kummwera kuja. Mphepo imatumphutsa madzi akuya okhala ndi kaboni wakale, akamvuluvulu amachepetsa kutumphukako, ndipo amene adzapambane ndi amene adzanene kutentha kwa Okutobala wa adzukulu athu. Yachiwiri ndi madoko. Nyanja zakwera ndi masentimita pafupifupi 10 kuyambira mu 1993. Mathiraki odutsa pakati pa Kabwe ndi feteleza ndi mafuta amachokera ku Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo Beira, mzinda wa pamalo otsika, tinauona utamira mu Malichi 2019 namondwe Idai atafika. Yachitatu ndi mphepo. Mphepo za kumadzulo zija ndi zimene zimabweretsa mvula ya ku Cape Town. Zitasendera kummwera zaka zingapo zotsatizana, mu 2018 mzindawo unatsala pang'ono kutseka mipopi, ndipo abale athu ogwira ntchito kumeneko ankasamba ndi kachidebe.

Munthu wa ku Mukobeko angachitepo chiyani?

Kamvuluvulu wa m'nyanja sangamuimitse, koma ali ndi zitatu m'manja mwake. Amvere zolosera za nyengo za nthambi ya boma yoona za nyengo asanagule mbewu, ndipo chaka chikaoneka chouma, asakanize chimanga chocha msanga ndi mapira, chinangwa kapena nyemba. Ateteze mitengo ndi madambo, chifukwa Lukanga ndi Mulungushi ndiwo nkhokwe zathu za madzi. Ndipo mwana wokonda masamu asamuuze kuti za nyanja si zathu. Kusanthula miyezo ya Argo kumafuna kompyuta ndi intaneti basi, popeza miyezoyo imaperekedwa ulere kwa aliyense, kuphatikizapo wophunzira wa ku Mulungushi University.

Kodi dziko likasiya kutulutsa mpweya woipawu, zonse zidzabwerera mwakale?

Osati msanga, ndipo a ku Kabwe sitifunika kuuzidwa chifukwa chake. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovuwo ukadali m'dothi la ku Kasanda, ku Makululu ndi ku Chowa, ndipo kamvuluvulu wa Okutobala amaunyamulabe. Ana obadwa mgodi utatsekedwa kale akuupezabe m'magazi mwawo. Kutentha kolowa m'nyanja yakuya kulinso chimodzimodzi: madzi amenewo amatenga zaka mazana kuti azungulire n'kutumphukanso, ndipo akamvuluvulu adzapitiriza kukuwolotsa malire mibadwo yambiri ikubwerayi. Madzi akatayika saoleka. Koma ifenso tikudziwa kuti dothi lothiridwa mtovu wochepa limasiyana ndi lothiridwa wambiri, ndipo kusiyanako kumaoneka pa thanzi la mwana. N'chifukwa chake chaka chilichonse chimene dziko lifulumira kuchepetsa utsi wake chili ndi phindu, ku Thwaites ndi ku Mukobeko komwe.